Anati ndi "kuyenda pang'ono": ulendo wa gulu wa ku mathithi a Manchewe

Chikhadabo cha chala changa chachikulu cha kuphazi lamanzere chathothoka sabata yatha, ndiye ndati ndilembe tsopano za kampani imene inatitengera ku mathithi a Manchewe pa tchuthi cha 6 July, mtima utatsika koma ndisanaiwale. Dzina lawo sinditchula. Ndi ena mwa achinyamata a muno mu Blantyre amene masiku ano akumakonza maulendo a gulu: amaika chithunzi chokongola pa Facebook, mumalipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, amakuikani m'gulu la WhatsApp, tsiku likakwana mumakwera kosita. Anawapeza ndi mng'ono wanga. Iye ndi namwino, tchuthi amachipeza movutikira, ndiye atanena kuti "Achemwali, tiyeni tikaoneko kumpoto, mpaka liti tizingomva," ndinalephera kukana.

Tinalipira K260,000 aliyense. Pachithunzi chawo analemba kuti ndalamayo ndi ya mayendedwe, malo ogona masiku awiri, chakudya, komanso "kuyenda pang'ono kukaona mathithi". Mawu amenewo muwasunge.

Ine si munthu wongokhala. Ndimakhala ku Chilomoni, ndipo Loweruka likandipeza ndilibe zochita ndimakwera Njira ya Mtanda ya ku Michiru, ngakhale ndine wa CCAP. Ku Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje ndinafikako kawiri. Ndiye nditawerenga kuti kuyenda pang'ono, ndinangoponya m'chikwama nsapato zanga zakale zothamangira, zija zimandithina chala ndikavala sokosi yokhuthala.

Anatiuza kuti tikumane ku Ginnery Corner 5 koloko madzulo Lachisanu. Tinanyamuka hafu pasiti naini usiku. Poyamba ankati akudikira dizilo, kenako zinaululika kuti anthu anayi anali asanamalize kulipira ndipo mnyamata wotsogolera kampaniyo amawaimbira mmodzimmodzi. Tinalipo anthu 23, zikwama zili m'miyendo. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Chitimba ndi makilomita pafupifupi 800, msewu wake wa M1: Zalewa, Ntcheu, Dedza, Lilongwe, Kasungu, Jenda, Mzuzu. Zambiri za usikuwo sindikuzikumbuka kupatula bondo la munthu wina kumsana kwanga.

Chimene ndiwayamikire ndi dalaivala. Anali bambo wachikulire, wosalankhulalankhula. Kunaticherera tili ku Chikangawa, chifunga chili kuti bii, mitengo ya paini ikungooneka ngati mizukwa, iwo osathamanga ngakhale anyamata akumbuyo ankakuwa kuti aponde. Potsetsereka pa Chiweta, pamene msewu umakhotakhota kutsikira kunyanja ndipo mumapatsana njira ndi mathiraki a malasha, anaika giya yotsika n'kuzimitsa wailesi. Mng'ono wanga, amene amaopa phompho, anandigwira mkono mpaka kusiya zidindo, koma tinafika pansi bwinobwino. Ku Chitimba tinafika dzuwa lili paliwombo. Tinadya usipa wauwisi wokazinga, tinasamba m'nyanja imene mwera unali utaivundula, tinagona m'tizipinda ta udzu. Tsiku limenelo ndilibe nalo mlandu.

Nkhani inayamba Lamlungu m'mawa. Titamwa tiyi, amenenso anachedwa mpaka 8 koloko, mwini kampani anaimirira n'kuloza phiri limene linali kumbuyo kwathu. Anati kosita singakwere msewu wa Gorodi, ndiye tiyenda wapansi, iye atitsatira pa matola ndi katundu. Wina anafunsa kuti ndi mtunda wautali bwanji. Anayankha kuti, "Si patali, mukangokwera apa mwafika."

Amene simunafikeko ndikuuzeni. Msewu wa Gorodi umachoka pa Chitimba, m'mbali mwa nyanja, n'kukwera makilomita pafupifupi 15 kukafika ku Livingstonia pa phiri la Khondowe, mamita ngati 900 pamwamba pa nyanja. Uli ndi makona 20 okhota ngati chigongono, ndi wa miyala ndi fumbi, ndipo mbali imodzi ndi phompho. Mathithi a Manchewe ali kumtundako, mukatsala makilomita ngati 4 kuti mulowe mu Livingstonia. Kumeneko ndiye kuyenda pang'ono kwake. M'gulu mwathu munali mtsikana wovala patapata, munali bambo wina wa shuga, munali mayi amene anabwera ndi mwana wa zaka 9. Madzi anatipatsa kabotolo kamodzikamodzi, kakang'ono kaja. Chondipweteka kwambiri ndinachidziwa pambuyo pake: ulipo msewu wina wabwinoko wokwerera ku Livingstonia kuchokera ku Njakwa, mbali ya ku Rumphi. Akanafuna, ofooka akanadzera kumeneko pa galimoto, okonda kuyenda n'kukwera Gorodi. Sanatiuze n'komwe kuti ulipo. Ndikuganiza ankaumira dizilo.

Kenako anatipereka m'manja mwa mnyamata wina wa kumtundako kuti atiperekeze, ndipo kuchokera apa ndikulemba za munthu amene si wa kampaniyo, koma ndi amene anaipulumutsa.

Anali wowonda, wazaka mwina 25, atavala nsapato za pulasitiki zosokedwa ndi waya pachidendene. Anali atatsika phirilo m'mamawa womwewo kudzatichingamira. Chichewa chake chinali chopendekera ku Chitumbuka, ndipo ine ankanditchula kuti "Amama". Asanatipatse n'komwe moni, anayamba watiyang'ana kumapazi, mmodzimmodzi, ngati akugula mbuzi. Mtsikana wa patapata anamuuza mosapita m'mbali kuti sakwera choncho, ndipo anamutengera pa kagolosale kena pamsika pomwe anagula nsapato za kaunjika. Bambo wa shuga ndi mayi wa mwana uja anawakambira yekha ndi woyendetsa matola kuti akwere pamodzi ndi katundu. Tonse otsala anatituma kukagula madzi, botolo lalikulu aliyense, ndi nthochi, ndi mtedza. Mwini kampani ankangoyang'ana pafoni.

Makona asanu oyamba ndinkacheza, kuseka, kujambula. Pofika lachisanu ndi chitatu pakamwa panali patatsekeka. Njira zachidule zilipo, zimene anthu a kumeneko amadulira makona, koma n'zoimirira moti pena umagwira mizu ndi manja. Mnyamatayo anatigawa pawiri: a mphamvu ankawalozera chidule n'kuwauza podikira, ife a mawondo okalamba ankayenda nafe mumsewu. Ndiye kuti iye phirilo ankalikwera kawiri, kuthamangira kutsogolo kukaona aja, kubwerera kudzaona ife. Kona lililonse ankaliwerenga mokweza, ndipo sanatinamizepo kuti tatsala pang'ono. Nditamufunsa pa kona la 11 anati, "Amama, tidakali nawo mtunda. Imwani madzi, koma pang'ono." Nditatopa ndi mabodza a masiku awiri, mawu amenewa anandilimbitsa mtima kuposa chilichonse.

Pa kona la 13 ndinakhala pamwala n'kuvula nsapato. Sokosi inali itamatirira, chithuza chakuchidendene chitaphulika kale, chala chachikulu chitayamba kuda. Mng'ono wanga anatulutsa pulasitala m'kachikwama kake akundikalipira ngati ndili pa wodi yake. Mnyamata uja anatenga nsapatoyo, anaitembenuza, anasolola zingwe zonse n'kuzilowetsanso modumpha mabowo awiri akutsogolo kuti chala chipume, kenako anamanga mwamphamvu kumtunda kuti phazi lisamaselerekere kutsogolo. Analowa patchire n'kubwera ndi ndodo, anaisadza ndi kampeni, anaiyeza pa chigongono changa, anaidula. Chikwama changa anachikoleka pachifuwa pake, chake chili kumsana. Tili pomwepo anatipitirira mayi wina, beseni la usipa wouma lili pamutu, mwana kumbuyo, mapazi opanda nsapato. Anati "Monire," ife tinayankha "Yewo," monga anali atatiphunzitsira. Anayang'ana phazi langa, analankhula kanthu m'Chitumbuka, mnyamata uja n'kuseka. Nditamuumiriza anamasulira: akuti a mutauni mumalipira ndalama kuti muvutike.

Ukacheuka uli pamenepo, nyanja yonse imakhala pansi pako. Mabwato a asodzi amaoneka ngati mankhusu a mtedza, msewu wa ku Karonga ngati ulusi, kutsidya mapiri a ku Tanzania akuoneka mwa chizimezime. Ndinaona utsi wakuda ukukwera pakati pa madzi ndipo ndinafunsa kuti chikupsa n'chiyani. Anati si moto, ndi nkhungu, touluka tija timatuluka m'nyanja, timene anthu a m'mbali mwa nyanja amagwira n'kupanga ndiwo.

Tinafika 1 koloko itadutsa, titayenda maola asanu. Pachipata cholowera kumathithi anatiuza kuti pali ndalama yolipira. Si yambiri, ndipo ndilibe nayo vuto chifukwa anthu a m'mudzimo ndiwo amalambula njira. Vuto n'lakuti kampani inati zonse zili m'kati mwa K260,000 ija. Mwini wake tinamupeza atakhala pamthunzi ndi botolo lozizira, ndipo anati iye sankadziwa kuti pamalipiridwa. Munthu wokonza maulendo! Tinasonkha tokha.

Mathithiwo umayamba kuwamva usanawaone. Kenako mitengo imatseguka, ndipo umapezeka waima m'mphepete mwa chigwembe chakuya, chodzaza nkhalango yobiriwira, mtsinje wa Manchewe ukudziponya pansi mamita 125. Ndiwo mathithi aatali kuposa onse m'Malawi muno. Chapambali pali enanso, a mtsinje wa Kazichi, akugwera m'chigwembe chomwecho. Ndinene zoona: amene mukuyembekezera chimadzi chotambalala ngati cha pa Kapichira mudzakhumudwa. Manchewe ndi wowonda, makamaka mu July mvula italeka kalekale. Kukongola kwake ndi kutalika. Ukasankha dontho limodzi pamwamba n'kumalitsatira ndi maso, limasanduka utsi lisanafike pansi. Palibe mpanda wodalirika pamalo ena oonerapo, ndipo anyamata awiri a m'gulu lathu amene ankafuna kujambulitsa atakhala m'mphepete penipeni anakalipiridwa m'Chitumbuka chimene sichinafunike womasulira.

Ambiri anathera pomwepo, anajambula, anabwerera kukafuna chakudya. Mnyamata uja anafunsa amene akufuna kukaona phanga. Tinatsala asanu ndi awiri. Mng'ono wanga anandiyang'ana phazi, ine ndinayang'ana kumbali.

Kanjira kake n'kotsetsereka, konyowa, kodzera pansi pa mitengo ikuluikulu yolendewera zingwe. Miyala ili ndi ndere zoterera ngati therere. Iye ankatsogola chafutambuyo, kuloza poponda: apa, apa, osati apo. Pamalo pena anandilanda ndodo n'kundiuza kuti ndikhale pansi ndizikwawa ndi matako, ndipo ndinamvera, ine mayi wa ana atatu, mlembi wa chigwirizano cha amayi. Phokoso linkakulirakulira mpaka tinasiya kumvana. Kenako tinakhota pathanthwe lina n'kupezeka tili kuseri kwa madzi. Kutsogolo kwathu chinsalu choyera chikugwa osaleka, kuwala kukulowa mothyokathyoka, kumbuyo kwathu mdima wa phanga. Mpweya wake ndi wozizira, wonunkha dothi lonyowa ndi ndowe za mileme. Malaya ananyowa osadziwa kuti anyowa nthawi yanji. Ndinatambasula dzanja kuti ndikhudze madziwo ndipo anandimenya ngati chikoti.

Anatisonkhanitsa m'kati, pomwe phokoso limachepako, n'kutiuza kuti tikhale pansi. Anati makolo ake, Aphoka, ankabisala m'mapanga amenewa nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ya ogula akapolo. Izi ndinali nditazimvapo. Za Mlozi, amene ankagwira anthu ku Karonga mpaka pamene anagonjetsedwa n'kunyongedwa mu 1895, tinaphunzira kusukulu. Koma iye anawonjezera zimene agogo ake aakazi ankamuuza: kuti ubwino wa phanga ili sunali mdima wokha ayi, koma phokoso. Kuthengo mwana akalira, mudzi wonse wagwidwa. Kuno mwana ankatha kulira mmene angathere, madzi n'kumeza kulirako. Atatero anangokhala chete. Ine ndinaganiza za mwana wanga wachisamba, mmene ankalirira usiku wonse chaka chake choyamba ku Ndirande mpaka aneba kugogoda khoma, ndipo ndinayang'ana pansi pomwe ndinakhalapo, pathanthwe lonyowa, losakwana n'komwe kuyala mphasa ziwiri. Mng'ono wanga, amene salira pamaliro, ankapukuta m'maso n'kumanamizira madzi a mathithi.

Ola limenelo lokha ndi limene ndinganene kuti ndalama yanga inagwira ntchito, ndipo pachithunzi cha kampani phangalo silinatchulidwe n'komwe.

Titabwerera kumtunda ndinaona ndi maso angawa mwini kampani akumupatsira mnyamata uja K15,000. Anthu 23, tsiku lathunthu, phiri kulitsika kamodzi n'kulikwera ngati kawiri. Werengani nokha zimene ife tinapereka tonse pamodzi. Iye analandira ndi manja awiri n'kunena kuti "Yewo chomene." Ine magazi anawira. Tinazungulitsa chipewa cha bambo wa shuga uja ndipo chimene chinatuluka chinaposa kanayi zimene anapatsidwa. Mwini kampani anatiuza kuti tikuwononga mitengo, mawa anyamatawa azidzavuta. Ndinamuyankha zimene sindingalembe pano.

Za usikuwo ndidule. "Malo ogona" anali matenti a anthu awiri, ife atatuatatu, opanda bulangete, mu July, pamwamba pa phiri. Aliyense wodziwa kumpoto akanatichenjeza kuti titenge zofunda. Ndinagona nditavala zovala zonse za m'chikwama, chitenje kumutu. Chakudya chokha ndiye chinali bwino, chifukwa anaphika ndi mayi wina wa pamudzipo: kondowole wotentha, nyemba, ndi chigwada chotendera. Kondowole ndinkamunyoza ndili kuno, kuti ndi ulimbo. Ndinapempha mtanda wachiwiri.

Lolemba m'mawa anatikweza matola kupita ku Livingstonia, n'kutipatsa mphindi 40 zokha chifukwa "ulendo ndi wautali". Kwa ine wa CCAP izi zinandiwawa mwina kuposa chithuza. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo anaithamangitsira ku Bandawe mu 1881, kenako Dr Robert Laws anaikweza pa Khondowe mu 1894, kuthawa udzudzu wa kunyanja. Nyumba yawo ya miyala, Stone House, ilipobe ndipo muli zinthu zakale zoti munthu n'kuona tsiku lonse. Tchalitchi chili ndi zenera la magalasi amitundumitundu losonyeza David Livingstone. Pabwalo pali pamene mu 1959, boma la atsamunda litalengeza za chipwirikiti, ndege inaponya uthenga wofunsa azungu a pamishoni ngati akufuna kusamutsidwa, iwo pamodzi ndi anthu akuda n'kuyankha poyala miyala pansi kulemba Aefeso 2:14 kuti a m'ndegemo awerenge. Mnyamata wathu uja, amene anabweranso m'mawawo popanda womutuma, anatiuzanso kuti madzi a Manchewe omwewo ankapangira magetsi a pamishoni m'masiku a Laws, zaka zoposa 100 zapitazo. Ndinaseka ndekha pokumbukira makandulo amene ndinasiyira ana ku Chilomoni. Zonsezi tinaziona chothamanga, hutala ya matola ikulira.

Potsika Gorodi pa galimoto ndinatseka maso makona onse 20. Pena dalaivala amachita kubwerera m'mbuyo kaye kuti akhote. Kuyenda wapansi kuli bwino. Mu Blantyre tinalowa Lachiwiri 4 koloko m'mawa, ndipo 8 koloko ndinali pa desiki, phazi limodzi mu silipasi.

Ndiye mukandifunsa ngati mungapite ndi kampani imeneyi, ndinena kuti ayi, pokhapokha ngati chimene mukufuna ndi kosita ndi dalaivala wabwino. Ntchito yawo imathera pa kukufikitsani pa Chitimba. Za phirilo sadziwa kanthu, ndipo choipa n'chakuti safuna kuvomera kuti sadziwa. Ine ndikadzapitanso, ndipo ndidzapita, ndidzakwera basi ya ku Mzuzu pa Wenela, kenako minibasi ya ku Karonga n'kutsika pa Chitimba. Ndidzagona pamenepo, ndidzapeza woperekeza wa kumtundako n'kugwirizana naye mtengo pamaso, ndidzayamba kukwera 5 koloko m'mawa dzuwa lisanapse. Ndidzasankha April kapena May, mvula itangoleka, madzi adakali ambiri. Ndidzatenga juzi, bulangete, malita awiri a madzi, ndi nsapato zokulirapo nambala imodzi. Ku Livingstonia ndidzagona masiku awiri ndipo ndidzapemphera nawo Lamlungu, ngakhale nyimbo zake ndi za Chitumbuka. Ngati mwalipira kale ku kampani ina, afunseni mafunso awa musanakwere: makilomita angati wapansi, tikagona pa chiyani, woperekeza mumulipira zingati. Akayamba kuzungulira, mwadziwa.

Nditabwerako ndinawalembera m'gulu la WhatsApp lija, mwaulemu, kupempha kuti atibwezere ya pachipata ndi kuti asinthe mawu a pachithunzi chawo. Anandiyankha ndi kachithunzi ka manja opemphera, kenako anatseka gululo kuti azilembamo okha. Dzana mng'ono wanga wanditumizira chithunzi chawo chatsopano, cha ulendo wa pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala mu October, nthawi imene Gorodi amatentha ngati chiwaya. Mtengo wakwera. Pakati pa chithunzicho pali mayi wina wojambulidwa chakumbuyo, wanyowa, wagwira ndodo, akuyang'ana mathithi. Ndine. Pansi pake alemba kuti kuyenda pang'ono.